Ndinakanda Mahandulo a Njinga ya Mng'ono Wanga

Inu owerenga, chimene ndikufuna kukuuzani ndinachichita dala. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa anthu ondidziwa amafulumira kundiikira kumbuyo, amati mwina dzanja linangoterereka. Silinaterereke. Ndinakanda mahandulo atsopano a njinga ya mng'ono wanga ndikudziwa bwinobwino mmene amawalowetsera osawakanda, ndipo mlandu utagwera iye ndinangokhala chete.

Ndili Fomu 3, ndipo timakhala pa komboni ya antchito a pa purazi, famu ina kufupi ndi Glendale, kumpoto kwa Harare. Bambo amayang'anira mapampu ndi mapaipi othirira mbewu, koma Loweruka masana amakonza njinga za anthu pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Ine ndine wamanyazi. Kusukulu mphunzitsi akandiloza, ndimangoyang'ana pansi, ndipo zimene ndalephera kunena masana ndimakazilemba m'kabuku kanga. Pamene ndinkamasuka ndi pa njinga pokha, chifukwa pamenepo sipafunika mawu ambiri. Ndinkakhala pabokosi la zida n'kumapatsira bambo sipanala asanaipemphe.

Mwa zonse zimene anandiphunzitsa, ndinkakonda kulowetsa mahandulo. Khosi la njinga, chitsulo chija chimatuluka pamwamba pa foloko, lili ndi bowo lopanira limene limamangidwa ndi bawuti imodzi. Anthu ambiri amangomasula bawuti n'kukankha mahandulo mwamphamvu, ndipo akafika pokhota chitsulo chimakhulana ndi chitsulo. Bambo sachita choncho. Amachotseratu bawuti n'kuilowetsa chakumbuyo, mbali imene kuli mazinga. Pampata wa bowolo amaikapo kakobiri, mwa makobiri akale aja osagulanso kanthu amene anadzaza nawo kachitini. Akamapota bawuti, imakankha kakobiri, bowo n'kuyasama. Amati liyasame pang'ono pokha, ukapitirira chitsulo chimang'aluka. Kenaka umapisa chala m'katimo kufufuza pakuthwa, upalepo ndi sandipepa, upukute mchenga wonse, upake sopo pang'ono. Mahandulo sukankha. Umawatembenuza motsatira kukhota kwake mpaka apite okha pakati. Ukatero uchotse kakobiri, ubwezere bawuti mbali yake, umange.

Ntchito imeneyi ndinaidziwa mpaka bambo anasiya kundiyang'anira. Ankauza anthu kuti, “Uyu ali ndi manja a nesi, sakanda chitsulo.” Ndinkayang'ana pansi ndi manyazi, koma madzulo ndinkakalemba mawuwo m'kabuku.

Pansi pa denga la khonde panali fulemu yakale ya njinga yopachikidwa ndi waya. Bambo anandiuza ndili giredi 6 kuti imeneyo ndi yanga, tidzaimanga limodzi ndikadzakula. Nthawi ya mvula ikayandikira ndinkaitsitsa, kuipukuta ndi kuipaka mafuta kuti isachite dzimbiri.

Mu Januwale chaka chatha kunabwera Rutendo. Ndi mwana wa bambo anga amene anabadwira ku Selous, wocheperapo kwa ine ndi chaka chimodzi ndi miyezi. Mmene anabadwira si nkhani yanga yoti ndifotokoze. Mayi ake anamwalira, ndipo amayi anga, ngakhale zinawapweteka kale, ndiwo anati mwanayo abwere kwa bambo ake. Anafika ndi kachikwama kamodzi. Chichewa ankangochimva pang'ono, ankalankhula Chishona, ndipo ankalankhuladi. Sabata isanathe anali atadziwa mayina a ana onse a pa komboni. Ankandiitana kuti sisi, ankandiluka tsitsi, ankandisungira chigawo cha lalanje. Sanandilakwire chilichonse, ndipo ichi ndikufuna muchikumbukire.

Koma bambo ankaseka naye mmene sanasekepo nane. Loweruka lina ndinamupeza atakhala pabokosi la zida, akupatsira sipanala yolakwika, bambo akuseka mpaka misozi. Ine ndikanapatsira yolakwika sakanaseka, chifukwa sindinkalakwitsa. Ndinaima pakona ya nyumba kanthawi, n'kubwerera.

Kusukulu kwathu malo a Fomu 1 anali atadzaza, ndiye Rutendo anapeza malo kusukulu ina kutsidya kwa minda ya malalanje, ulendo wa maola awiri wapansi. Ankabwera mapazi atatupa. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza waya wa pakhonde ukulendewera wopanda kanthu. Fulemu inali pansi pa mtengo, bambo akuipaka penti yobiriwira. Anandiuza mofatsa kuti ine sukulu yanga ili pafupi, mng'ono wanga akuvutika, yanga tidzaipeza ina. Ndinavomera ndi mutu. Zimene ananena zinali zoona, ndipo choonadi chakecho n'chimene chinkandipweteka, chifukwa ndinalibe poyambira kudandaula. M'kabuku ndinangolemba mzere umodzi, kuti lero atsitsa fulemu yanga.

Zida zambiri anatolera pa njinga zakufa, koma mahandulo anakagula atsopano ku Glendale. Anabwera nawo Lachisanu atakulungidwa m'nyuzipepala, owala moti unkadziona nkhope. Bambo anga sagula chatsopano ngati chakale chingakonzeke, ndipo ine sanandigulirepo chinthu chowala chotero. Rutendo anathamanga nawo bwalo lonse akuliza belu ndi pakamwa, kenaka anayamba kuwakankhira m'bowo la khosi. Bambo anamuletsa mwaukali pang'ono. “Siya, uwononga! Imeneyo ndi ntchito ya sisi wako.”

Loweruka masana foromani anatumiza uthenga kuti pampu ya kudamu yaima. Bambo anandisiyira zida n'kunena kuti akamabwera apeze mahandulo alowa, atsale mabuleki okha. Rutendo anapana tayala lakutsogolo ndi mawondo kuti njinga isagwedezeke, akuimba. Ndinachotsa bawuti, ndinasankha kakobiri, ndinapala m'bowo. Mpaka pamenepo ndinalibe maganizo oipa. Ndiye iye, ndi mtima wake wabwino, anati, “Sisi, ndichakutakurai kuenda kuchikoro.” Ankanena kuti azindikweza pakaliyala m'mawa, azinditula kusukulu kwanga iye n'kupitirira.

Inu owerenga, sindikudziwa ngati munamvapo chinthu chotentha chikukwera kuchokera m'mimba kufika m'makutu. Ndinadziona nditakhala kumbuyo kwa njinga imene ndinaipukuta zaka zitatu, nditagwira chiuno cha mwana wobwera dzulo, anzanga akutiona. Ndinamuuza kuti apite kuchibhorani, mjigo wa pa komboni, akatunge madzi, ati tisungunulire sopo. Anathamanga.

Kakobiri ndinakaika m'thumba. Ndinatsamiritsa njinga pamtengo, ndinaloza mahandulo pabowo losayasamitsa, n'kukankha ndi thupi lonse. Atafika pokhota anakana, ine ndinapotoza. Chitsulo chinalira mokweza mpaka mano anga anachita dzanzi. Nditayang'ana, mzere wakuya unali utazungulira kuchokera pokhota mpaka pafupi ndi pakati, tizidutswa towala titamatirira pazala zanga. Sindibisa, kwa kamphindi ndinamva kukoma. Kenaka mantha anandigwira. Ndinatulutsa kakobiri, ndinamaliza ntchito mwa njira yake, mahandulo anakhala pakati ndendende, ndipo ndinawakulunga ndi nsanza. Rutendo atabwera ndinamuuza kuti asavundukule, bambo adzayambe ndiwo kuona. Ine ndinapita kukathandiza amayi kuchapa, iye ndinamusiya akulondera njinga yake.

Bambo anabwera dzuwa litapendeka, ali matope mpaka m'mawondo, ndipo panali azibambo awiri akudikira ndi njinga zawo. Anavundukula nsanza akumwetulira. Kumwetulirako kunatha. Anayendetsa chala pamzere uja, ndipo ine sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa Rutendo.

“Ndinakuuza chiyani dzulo?”

“Handina kuibata, baba,” iye anatero, kukana kuti sanaikhudze.

“Ndiye yadzikanda yokha? Uyu ndinamuphunzitsa ndekha, sanakandepo njinga ya munthu. Iwe wamasula, wafuna kuyesa, walephera. Kuwononga ndi kwina, koma bodza! Kodi kwanu kuja ndi zimene anakuphunzitsani?”

Mmodzi wa azibambo aja anaseka n'kunena kuti ana a masiku ano amanama diso lili gwa. Rutendo anatembenukira kwa ine misozi ikutsika. “Sisi, taurai,” anatero, kundipempha kuti ndilankhule. Anabwerezanso kachiwiri. Ine ndinayang'ana pansi monga ndimachitira masiku onse, ndipo aliyense anaona ngati ndi manyazi anga aja, kapena kuti ndikumumvera chisoni mng'ono wanga sindikufuna kumuneneza. Amayi mpaka anandisisita paphewa.

Njinga inatha kumangidwa, ndipo Rutendo ankapita nayo kusukulu. Pokandika paja anakulungapo lamba wa chubu. Koma anasiya kuimba, anasiya kukhala pabokosi la zida, anasiya kundiitana kuti sisi. Akafuna kundiuza kanthu ankangoyamba ndi nkhaniyo. Bokosi linabwerera kwa ine, bambo anabwerera kwa ine, zonse zimene ndinkafuna ndinazipeza, koma sipanala inkandilemera m'manja. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndinena. Zonse ndinazilemba m'kabuku, ngati kuti kulemba ndi kuulula.

Patchuthi cha Epulo anapempha kukaona mainini wake, mng'ono wa malemu mayi ake, ku Selous. Njinga anaisiya pakhonde. Sukulu zitatsala pang'ono kutsegulidwa, mainini anaimba foni kuti mwanayo sabweranso, wamupezera malo konko. Anati sangamubwezere kunyumba kumene amamutcha wabodza pamaso pa anthu ndi kumukumbutsa kuti kwawo ndi kwina.

Loweruka lotsatira bambo sanagwire njinga ya munthu. Anangokhala pansi pa mtengo manja ali m'masaya. Ndinawamva akuuza amayi kuti mwina anakalipa mopitirira, koma akanatani poti mwana ananama. Pamenepo ndinalephera kupirira. Pakamwa panakanabe kutseguka, ndiye ndinang'amba tsamba la tsiku lija m'kabuku n'kukawapatsa bambo. Anawerenga pang'onopang'ono, n'kubwerezanso. Sanandimenye, sanakweze mawu. Anati, “Ndinatukwana mwana wamasiye chifukwa ndinkakhulupirira iwe. Pepalali tenga. Ku Selous ukanena ndi pakamwa.”

Tinakwera kombi mpaka ku Harare, ina mpaka ku Selous, njinga itamangidwa pamwamba. Njira yonse bambo ankangoyang'ana pawindo. Kwa mainini tinakhala pakhonde, ndipo ndinanena zonse ndi pakamwa panga, mawu akunjenjemera, m'Chishona kuti pasakhale chobisika. Sindinalankhulepo nthawi yaitali chotero pamaso pa anthu. Bambo anavula chipewa n'kupepesa kwa mwana wawo, chinthu chimene sindinaganizepo kuti ndingachione.

Rutendo anamvetsera osandidula. Kenaka anati ankadziwa kuyambira tsiku lomwelo, chifukwa njingayo tinaikhudza anthu awiri okha. Anati za mahandulo sizinamupweteke, akanakwera ngakhale a dzimbiri. Chinamupweteka n'chakuti anandiitana kawiri ine n'kuyang'ana pansi. Iye anawakhululukira bambo, njinga anailandira, ine anandipatsa moni wa m'manja potsanzikana. Koma kubwerera anakana. Anati kwa mainini akanena kuti sanachite, amamukhulupirira.

Mpaka lero ali ku Selous. Bambo amamuona patchuthi pokha, ndipo akabwerako amakhala masiku awiri osalankhula bwino. Ndinamulembera makalata atatu, wayankha imodzi, yaifupi, yonena za sukulu. Mwana amene anataya mayi ake anali atangopeza bambo, ine ndinamulanda, ndipo bambo anga ndinawalanda mwana.

Inu owerenga, makamaka atsikana anzanga ofatsa amene anthu amati simungaphe ndi nyerere yomwe, ndikukupemphani. Anthu akamatikhulupirira, kukhala chete kwathu kumamveka ngati umboni, ndipo kungathe kumiza munthu wosalakwa kuposa bodza lonenedwa mokweza. Mukapatsidwa chinthu cha munthu amene mukumuchitira nsanje kuti mumukonzere, ndipo mwamva kutentha kuja kukukwera, ikani zida pansi. Nenani kuti lero sinditha. Ndikanauza bambo kuti fulemu ija inandipweteka, mwina akanandikalipira, mwina akanandimvetsa, koma Rutendo bwenzi ali pakhomo pano. Ndipo ngati mwalakwa kale, wina n'kukuitanani akulira kuti mulankhule, lankhulani pomwepo, ngakhale mawu atuluke onjenjemera. Ine ndinadikira miyezi iwiri, ndipo pamene ndinkatsegula pakamwa n'kuti iye atazolowera kale kukhala popanda ife.