Phokoso la m'fita ya a Rosa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha nkhondo. Sikola yathu ya sekundaria itatsekedwa, ndinabwerera kwathu ku Tsangano kukathandiza kulima mbatata ya kachewere. Koma nakonso anthu anali atayamba kugona kuthengo, choncho amalume ananditengera ku Furancungo kumene kunali asilikali. Mnzawo wina wa amalumewo, a Zakeyu, ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo yotsekedwa pafupi ndi msika. Aliyense ankawatchula kuti a Mestre. Maso awo anali atayamba kufooka. Anandipatsa kaparafuzo, kasikuluwu kakang'ono ngati njere ya mapira, kuti ndikalowetse pabowo pake. Nditakalowetsa anati, "Manja sakunjenjemera. Ubwere mawa."

Magetsi kunalibe. Chitsulo chowotcherera nthambo tinkachitenthetsa pambaula ya makala. Tinali ndi alikati imodzi yopanira ndi kudulira nthambo, mashavi omasulira maparafuzo, lezala, thonje ndi kabotolo ka kachasu kopukutira. Mapilya, mabatire a wailesi, ankasowa, ndiye otha mphamvu tinkawayanika padzuwa kuti atsitsimuke pang'ono.

Chimene ndinaphunzira msanga ndi galavadolo, wailesi yoimba makaseti. Ikameza fita, tepi ya m'kaseti, sukoka ayi. Umatsegula chitseko chake, n'kumazunguza kagudumu ka labala chobwerera m'mbuyo mpaka fita itamasuka. Pamene yakwinyika umaiwongola pagalasi ndi botolo la madzi ofunda. Pamene yaduka umaisenga mopendeketsa ndi lezala, n'kumata kumbali yonyezimira, chifukwa mbali inayo ndi imene imakhudza mutu wotulutsa mawu. Ndipo pamene yaonongeka kwambiri moti ikungolira phokoso, lamulo la a Mestre linali loti udule n'kutaya. "Nyimbo ikadumpha pang'ono, mwini wake savutika," ankatero.

Tsiku lovuta linadza a Mestre ali ku Tete. Anapita ndi kolona ya magalimoto operekezedwa ndi asilikali kukafuna zipangizo, ndipo msewu unatsekeka asanabwerere. Ndinatsala ndekha pakhonde.

M'mawa kunabwera a Rosa, enfermera, namwino wa pachipatala, ochokera ku Beira. Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anaika galavadolo yaing'ono pathebulo, fita ili lende pachitseko.

"A Mestre kulibe, mayi," ndinatero.

"Ndikudziwa. Koma fita iyi sindingaisiye chonchi. Ndi ya mlongo wanga Tino. Anamutenga ku tropa, ku usilikali, chaka chatha, mpaka lero palibe uthenga. Ina kulibe, ndi yokhayi. Por favor, achimwene."

Anati abwera akaweruka, n'kuthamangira kwa odwala.

Ntchitoyo ndinaigwira mosamala kuposa masiku onse. Kagudumu ka labala kanali katachita ulimbo, ndipo ndi kamene kanameza fita. Ndinakapukuta ndi kachasu, ndinapukutanso mutu. Fita inali itaduka pamodzi pokha. Ndinaiwongola, n'kuilumikiza, n'kuikulunga ndi pensulo. Kenako ndinaika mapilya amene anali bwinoko n'kudina batani.

Chimene chinatuluka chinandiumitsa pakamwa. Gitala ankalira ngati lata likung'ambika. Ng'oma zinkathamanga mopanda ulemu, mwina kuima mwadzidzidzi, mwina kuyambanso. Munthu wina ankakuwa, osati kuimba. Mayi wogulitsa nyemba pafupi nane anati, "Iwe, wapha wailesi ya eni ake!"

Ndinayamba ndi makina. Ndinaona lamba, anali wolimba. Ndinazunguza kaparafuzo kowongolera mutu uku ndi uku, phokoso silinasinthe. Ndinaikamo kaseti ya kwaya imene tinkayesera, ndipo inaimba bwinobwino. Galavadolo inalibe vuto. Ndiye kuti choonongeka chinali fita, ndipo woigwira ndinali ine ndekha. Ndinaganiza kuti mwina botolo linatentha kwambiri, kapena shavi yanga inali ndi maginito.

Pamalo oipitsitsa panali patsogolo pang'ono pa pamene ndinalumikiza. Pamenepo ng'oma zinkaleka, n'kutsala kulira kosongoka kokwera ndi kutsika, konga kwa wailesi imene yaphonya siteshoni. Mwa lamulo lathu, apa panali podula. Ndinaitulutsa fita, n'kuigoneka pagalasi, lezala lili m'manja. Koma poiyang'ana padzuwa inali yosalala, yopanda khwinya ngakhale limodzi. Khutu linkati yaonongeka, diso linkakana. Ndinaika lezala pagalasipo, n'kubwezera fita m'kaseti. Sikunali kuchenjera. Ndinangoona kuti bola a Rosa aone okha zimene ndaononga, ndisanaonjezere zina.

Anafika dzuwa litapendeka, atatopa. Ndinawauza mmene ndayendetsera ntchito, n'kunena kuti mawu sakutuluka bwino. Anadina okha batani.

Gitala uja anang'ambika, wokuwa uja anakuwa. A Rosa anatseka maso n'kuyamba kugwedeza mutu.

"Mayi, phokosoli..."

"Phokoso lanji? Ndi mmene imalirira!"

Anaseka mpaka kugwira thebulo. Ine ndinakhala pabenchi.

Atapuma anandifotokozera. Oimbawo anali anyamata a ku Beira amene ankakumana mobisa m'galaja ina, chifukwa nyimbo zawo zinkanena za mizere ya m'masitolo opanda kanthu ndi za anzawo otengedwa kunkhondo. Mtundu wa nyimbozo ankautcha panki. Gitala ankamudutsitsa dala m'sipikala yong'ambika. Ng'oma zinali mgolo wa mafuta ndi lata. Ankajambula makaseti ochepa n'kumapatsirana m'manja.

Kenako panafika pamalo paja. Ng'oma zinaleka, kulira kosongoka kunayamba. A Rosa anakweza chala kuti ndikhale chete.

"Uyu ndi Tino," anatero motsitsa mawu. "Iye saimba, sadziwanso gitala. Amaimba ndi wailesi ya papá. Amazunguza kabatani kofufuzira siteshoni. Apa ndi pake yekha."

Anabweza fita, n'kumvetseranso. Ine ndinayang'ana lezala limene linali likadali pagalasi. Ndinalitenga mwakachetechete n'kuliika m'thumba.

A Mestre atabwerera bwinobwino ndi kolona ina, a Rosa anatibwereka kasetiyo kuti amve. Anamvetsera pang'ono n'kunena kuti, "Anawa akufuna mankhwala a njoka zam'mimba." Koma ine ndinapempha chilolezo n'kujambula yanga. Ndinkaimvera mapilya akapezeka, motsitsa, chifukwa mawu ake sanali oti msilikali awamve. Pang'onopang'ono khutu linazolowera. Ndinazindikira kuti ng'oma sizinkaima mwangozi, onse ankaimira pamodzi. Ndipo chaka chimenecho, pamene wailesi inkaimba nyimbo zachisangalalo ife tikugona ndi nsapato kumapazi, anyamata okuwawo ndi amene ankamveka ngati akudziwa kumene tikukhala.

Nkhondo itakula tinabalalika, ine n'kuwolokera ku Malawi. A Rosa sindinaonane nawonso, ndipo za Tino sindidziwa.

Ndakonza mawailesi moyo wanga wonse, tsopano ndikukonzanso mafoni. Munthu akabwera ndi chinthu chake, ndisanagwire shavi ndimamufunsa kuti, "Chili bwino chinkalira bwanji?" Ena amadabwa, ena amaona ngati ndikuwachedwetsa. Ndimadikira ndithu ayankhe. Khutu langa limadziwa zimene linamvapo zokha, ndipo chimene wadula ndi lezala sichibwereranso.