Fupa Nalo Limamva

Inu amene mwatsala pang'ono kutaya zida zanu, dikirani kaye ndikuuzeni za Felicia.

Tsiku limene galimoto ya kasitomala inafera pachitunda cha ku Nyambadwe, Felicia anakhala pa tayala lakutha kuseri kwa galaja n'kulira ngati mwana. Galimotoyo anali ataimvetsera yekha m'mawa womwewo, n'kunena kuti ili bwino. Sinali bwino.

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri, Felicia ndiye anali khutu la galaja ya a Shoaib ku Limbe. Amakaniko anzake ankathamangira masipanala, iye ankangoima pambali, manja m'matumba a ovolosi, n'kunena kuti, "Beringi imeneyo." Akamasula, ankapezadi beringi.

Koma khutu lake lakumanzere linkatuluka mafinya chiyambire ali mwana. Matenda atalowerera m'fupa la kuseri kwa khutu, madokotala anati palibe kuchitira mwina, aboole fupalo achotse zoola. Opaleshoni inayenda bwino. Atatsitsimuka, mawu ankamveka ngati walowetsa mutu mu ndowa ya madzi, ndipo m'makutu onse awiri munkalira tswiii osaleka.

Azakhali ake yankho anali nalo kale. "Khutu likamalira ndiye kuti anthu akukunena." Felicia anati ngati ndi choncho, Limbe yonse yasiya ntchito, ikungokamba za iye.

Za galimoto ya ku Nyambadwe ija, imene inafa Felicia atangobwerera kuntchito, a Shoaib sanamukalipire, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kukalipidwa. "Mayi Felicia, yambani mwagwirako kotsuka magalimoto. Mwezi ukatha tiona." Aliyense amene anagwirapo ntchito amadziwa tanthauzo la "tiona" wa bwana.

Tsiku lokaonedwanso kuchipatala anapita atakwiya. "Adokotala, inu munaboola kumanzere. Nanga lakumanjali linalakwa chiyani?"

Dokotalayo, mayi wamfupi wosachedwa kuseka, anatulutsa kachitsulo kamphanda n'kukamenya pabondo pake. Atakayandikiza kukhutu lodwala, Felicia anangomvera patali. Atakakhazika pachipumi, kanalira m'mutu monse.

"Mwamva? Fupa nalo limanyamula mawu. Makina oboolera aja amasokosa kwambiri, amanjenjemeretsanso chigaza chonse, ndiye phokoso lake linafika mkati mwa makutu onse awiri. Mkatimo muli timaubweya tomvera, tatopa. Kwa ambiri timatsitsimuka pakapita masabata, ngakhale kulirako kumatha kutsalira. Lakumanzereli lizimva movutikira zakunja, koma mkati mwake ndi mwamoyo. Muziwateteza kuphokoso."

Felicia anavomera ndi mutu, koma maso ake anali pa kachitsulo kaja.

M'mawa mwake anafika ndi sikuludiraiva yaitali ngati mkono. Nsonga anaikhazika pa injini, chigwiriro pafupa la kuseri kwa khutu. Njira imeneyi amakaniko akale ankaidziwa, ndipo iye mwini ankainyoza, ati ndi ya anthu opanda makutu. Kunyada sikukhalitsa, abale.

"Asisi, mukuimbira foni injini?" anaseka Marvin, makaniko mnzake.

"Eya, ndipo ikuyankha."

Ankanama. Masiku oyamba ankangomva chisokonezo chokhachokha. Koma galimoto iliyonse yobwera kudzatsukitsa ankapempha mwini wake ailize pang'ono. Anzake akapita kokadya chipisi, iye ankatsala ataweramira boneti. Wina akayatsa gilainda, ankatseka makutu osachita manyazi. Pang'onopang'ono makutu anayamba kutseguka, ndipo anaphunzira kusiyanitsa kulira kwa khutu lake ndi kulira kwa chitsulo.

Kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe, kunabwera lole ya ku Makata ikugogoda moopsa. Amakaniko atatu anagwirizana kuti injini itsitsidwe. Felicia anaika ndowa pansi, manja ali thovu lokhalokha, n'kukhazika sikuludiraiva apa, apo, kenaka kutsogolo.

"Bwana, musatsitse injini. Ndi beringi ya pampu ya madzi."

"Mukalakwitsanso?" anafunsa a Shoaib.

"Simuvutika n'kundichotsa. Ndichoka ndekha."

Marvin anamasula pampuyo. Beringi inagwera m'manja mwake zidutswazidutswa. A Shoaib anatola ndowa ija, n'kupatsa Marvin kuti akataye madziwo.

Lero eni magalimoto amachoka ku Namiwawa kudzafunsa "mayi wa sikuludiraiva uja." Khutu likumalirabe mwa apo ndi apo, ndipo Felicia amangoseka, ati azakhali ankanena zoona, anthu akumunenadi.

Mwina nanunso chimene munkadalira chakuthawani, ndipo "tiona" wanu ali pafupi. Osataya mtima. Khutu likakana, funsani fupa.