Kuseri kwa Nyumba Yathu ya ku Kabwata

Nyumba zozungulira zaudzu za ku Kabwata, kumene alendo amakagula ziboliboli, ine sindizikonda. Imodzi mwa izo inali kwathu.

Atsamunda anazimangira amuna apantchito, osati mabanja. Amayi atachoka ku Katete kutsatira atate, ankakhalamo mobisala. Mwana wawo woyamba anabadwa wakufa. Akanakauza ndani, poti iwowo sankayenera kupezeka pamenepo? Azimayi anzawo obisala ngati iwo anakumba kadzenje kuseri kwa nyumbayo, kosazama monga umafunira mwambo wa mtayo, n'kuwaletsa kulira.

Zimenezi ndinazidziwa ndili namwali kale, tikukhala ku Chelstone. Boma la chipani chimodzi linali litagwetsa nyumba zambiri zija n'kumanga mafulati, koma zochepa linazisiya, ati alendo akunja aziona chikhalidwe chathu. Loweruka lina amayi anangoti, "Vala, undiperekeze." Anandiuza zonse m'basi, maso ali pawindo.

M'nyumba yathu ija tinapezamo mmisiri wosema wochokera ku Luapula. Kuseri kwake anyamata ankayeza ndi chingwe, makasu ali pambali, kuti akumbe maenje a nsanamira za chisakasa cha magule. Amayi anangokhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kutambalala. Mzungu wina anawajambula, kuyesa kuti nawonso ndi mbali ya chionetsero. Mtima wanga unawawa, ndipo sunapolebe.

"Shani ba mayo, mwadwala?" anafunsa mmisiriyo.

"Iyayi bambo. Pano pagona munthu wanga."

Sanafunsenso china. Anatembenukira anyamata aja. "Imwe, chosani ntambo yanu, kakumbeni uko. Apa ni pamene nisebenzela ntchito yanga ine." Kenako anagubuduza chipika chachikulu cha mtengo wa mukwa n'kuchiika pamene amayi analoza. Kuyambira tsiku limenelo amayi ankapitako mwakamodzikamodzi, kukakhala pachipikacho, alendo akuwazungulira ndi makamera awo.

Ine ndinakwatiwa, ndipo ntchito ya amuna anga inatitengera ku Kitwe. Amayi atadwala matenda awo omaliza ndinabwera kudzawadwazika. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mkulu wako usamusiye yekha pakati pa alendo."

Maliro atatha ndinapita ku Kabwata. Nyumba zonse anali atazifolera udzu watsopano n'kuzipaka mofanana. Mmisiri uja anali atabwerera kwawo, chipika chija palibe. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba iliyonse, ndikuponda pang'onopang'ono, kuopa kumuponda. Mantha anandigwira dzuwa lili pamutu, ng'oma zikulira, anthu akuomba m'manja. Sindinathe kuzindikira kuti yathu inali iti.

Mtsikana wogulitsa mikanda anandiona ndikubwerezabwereza.

"Ba mami, musakila chani?"

"Mkulu wanga," ndinatero.

"Zina yao nindani? Tonse pano tizibana."

Koma mwana wa mtayo sapatsidwa dzina.