Atibweza pa lesitilanti ku Brittany, m'dziko la France

Moni nonse kumeneko ku Croydon, ku England.

Masanawa tachoka ku tenti imene tikugonamo patchuthi pano, njala itatipweteka. Tafika pa lesitilanti ya padoko, matebulo ali mbee, koma waiter, woperekera zakudya, akuti malo atha: "Full." Azungu amene afika pambuyo pathu wawakhazika ife tikuona.

Mwana wanga Tadala akuti, "Mum, let's just go back." Ndamuuza kuti sitinawoloke nyanja kudzadya buledi mu tenti.

Talowa pena, kwa mayi wina wachikulire. Watiphikira galette, chitumbuwa chopyapyala chokhala ndi dzira ndi cheese mkati. Tadala wanyambita mbale, manyazi kuiwala.

Mawa ndibwerera padoko paja, ndikakhala patebulo osapempha. Bambo a Tadala akuti ndizisiye. Inu mukuti bwanji? Koma ngakhale mundiletse, ine ndipita basi.