Ng'ombe Zinayi za Manase

Chimene sindinamvetse pa Manase wa ku Iponga n'chakuti anadikiriranji kuti ng'ombe zikwane zinayi. Mwambo sunamukakamize kutero.

M'chaka cha 1971 alamu ake anadzatenga mkazi wake Yunike chifukwa pa malowolo panatsala ng'ombe zinayi. Wamkulu mwa iwo, Ambokile, sanali munthu wouma mtima.

"Mlamu, bwerani ndi imodzi yokha, ngakhale yothyoka nyanga," anatero. "Zinazo ana anu adzamaliza. Kodi alipo anamalizapo kulowola?"

"Ndidzabwera nazo zonse tsiku limodzi," anayankha Manase. "Yunike si wa nyanga yothyoka."

Ndalama zake zinkachokera m'miyezi yozizira. Anzake akakolola mpunga ankakhala pa mowa, mphepo ya mwera ikuwomba. Iye ankatsikira kudimba n'kubzala kabichi, anyezi ndi matimati, zimene anamwino ndi makalaliki ochokera kumwera ankazifuna kwambiri. Ankazikweza pa njinga yobwereka mpaka ku Boma, khadi la chipani lili m'thumba kuti asam'bweze pa msika. Juzi sanagulepo. Ogasiti akafika ankagula thadzi limodzi la ng'ombe.

Yunike ankamuona Lamulungu lokha, kutchalitchi, atakhala mbali ya azimayi. Potuluka ankangopatsana moni ngati alendo. Chaka chachitatu mkaziyo anamuimitsa pansi pa mtengo wa mango.

"Bambo, zitatu sizikwana? Ine ndikukalamba pakhomo pa eni."

"Kuzizira kumodzi kokha, mayi. Pirira."

Chaka chotsatiracho mbozi zinadya kabichi yense. Chaka chinacho thadzi lina linafa. Manase anapitiriza kutunga madzi mamawa, zala zitauma, ndipo nthawi zina ankaiwala n'kuthyola ndiwo za anthu awiri.

Ng'ombe zinakwana mu 1977. Anazitsogoza yekha, atavala malaya oyera. Ambokile anamulandira maso ali pansi. Yunike anali atawoloka Songwe mwezi wathawo, kupita kwa azakhali ake ku Tanzania, ndipo sanasiye mawu. Masiku amenewo munthu sankafunsa mokweza za anthu owoloka malire.

"Bwererani nazo, mlamu."

"Ndi zanu. Ndinalonjeza."

Anazilowetsa yekha m'khola n'kutseka. Dimba analisiyira mnansi wake, anyezi asanakhwime. Wina akuti anamuona akukwera sitima ya Ilala, wina akuti anali pa msewu wa ku Chitipa, wapansi. Ku Iponga sanabwererenso.