Chidindo cha Silvano

Mchimwene wanga Silvano anabadwira ku Malawi, komwe tinathawira nkhondo, ndipo tinabwerera ku Cóbuè iye akuyamba kumene kuyenda. Nyanja inamukana. Akangokwera bwato ankasanza mpaka kumvetsa chisoni, choncho bambo anamutumiza kusukulu ku Lichinga, komwe anaphunzira za makompyuta.

Bungwe lina la asodzi litatsegula maofesi kwathu, ku Lunho ndi ku Maniamba, Silvano ndiye anawalumikiza. Anakonza njira yobisika ya pa intaneti, yomwe amati VPN, kuti zikalata za mabwato ziziyenda popanda wozisuzumira. Wolowamo aliyense ankafunika chiphaso m'kompyuta yake, ndipo ziphaso zonse zinkasainidwa ndi kiyi mmodzi wamkulu. Kiyiyo ankamutcha chidindo. Ankamusunga m'laputopu yakale yosalumikizidwa kulikonse, yokulunga m'chitenje changa, m'ndowa yotseka kuopa chinyontho.

Tsiku loyamba kudinda anati mwana sasamba m'manja akuluakulu asanasambe. Chiphaso choyamba anapatsa a Bartolomeyo, mlembi wa bungwe, amene ankadya kwathu ngati wachibale. Chake chinakhala chachiwiri.

Chaka chatha mayi anadwala, iye n'kupita nawo kuchipatala ku Likoma. Poopa kuti ntchito ingaime, ananyamula ndowa ija kukasiya kwa a Bartolomeyo. Ndinamutsina khutu kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma anangoseka.

"Senya yake, mawu achinsinsi otsegulira laputopu, ndi iyi, bambo," anauza a Bartolomeyo. "Musade nkhawa. Semana ziwiri basi, ndibwera."

M'malo mwa masabata awiri anatha miyezi iwiri, ndipo mayi tinawaika m'manda. Atabwerako n'kutsegula kompyuta yake, njira ija inamukana ngati mlendo. Anathamangira ku ofesi.

"Disikulupa, pepa mwanangu," anatero a Bartolomeyo, maso ali pansi. "A shefi, akulu a bungwe, afuna munthu wosachokachoka. Mlamu wanga Rogerio wayamba kale ntchito."

Silvano anapempha kuona mndandanda wa ziphaso zothetsedwa. Munali chimodzi chokha, chachiwiri chija. Ndowa anatibwezera, muli chitenje changa chokha, chopindidwa bwinobwino.

Ine mtima unandiwawa, mpaka lero ndikakumana ndi a Bartolomeyo moni amandikanika. Ndinauza Silvano kuti womanga nyumba salephera kudziwa pomwe pali mng'alu, alowe akawasokonezere zonse. Anakhala pandowa paja n'kupukusa mutu.

"Palibe polowera, achemwali. Ndinamanga kuti wochotsedwa asabwererenso. Njirayo ikugwira ntchito bwino."