Kabotolo ka Panjinga ya Amalume

Dzulo mdzukulu wanga anandiuza kuti sola yake imamwa dzuwa. Ndinakumbukira kabotolo ka amalume.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, amalume ankapikula mpunga ku Limphasa panjinga. Patayala panali kabotolo kachitsulo. Akamapalasa, kankalira ngati nyenje, nyali n'kuyaka. Ine ndinkati moto umagona m'menemo. Tsiku lina machesi atatithera, ndinakaphwanya ndi mwala kuti amayi apalepo moto. Ndinapezamo mawaya ozizira okhaokha.

"Amalume, moto wathawira kuti?"

"Chitsiru iwe! Moto uli m'miyendo mwangamu, umachokera m'kondowole!"

Ndinakana kondowole masiku awiri, kuopa kupsa m'mimba. Mpaka lero sindinamvetse bwinobwino.

Zimene zinapita ndi izi: kabotolo kamodzi, tambala wa amayi wopepesera amalume, ndi malo anga pakaliyala.